Kiyi Amagona M'chitini

Inu ana inu, adzukulu anga, khalani pansi mumve. Ndikudziwa kuti pansi simungakhale, pakuti simunabadwe. Amene adzakhale atate wanu, Yamikani, ali pakhonde apa ndi kabudula wonyowa, akuyesa kudyetsa sopo nkhuku ya aneba, ndipo nkhukuyo ikuoneka kuti ikuganizira. Koma ndati ndiyambe kucheza nanu lero mano akadali onse m'kamwa, chifukwa akazi a kwathu sitikhalitsa. Amai anga anapita osanyamulako mdzukulu ngakhale mmodzi. Ine ndikufuna mudzandipeze. Ndikufuna mudzandiseke kayendedwe, mudzandibere shuga m'kabati, ndidzakuthamangitseni ndi mthiko osakugwirani.

Tsono pali chinthu chimene ndabisa. Kutchalitchi sadziwa, apongozi anga ku Petauke sadziwa, anzanga a ku koleji sadziwa. Ndikuuza inu chifukwa pakamwa poululira mulibe. Ambuya anu amamwa mapilisi a BP m'mawa uliwonse, ndipo anayamba akadali mtsikana woti akadutsa pa siteshoni ya minibasi, makondakitala amaiwala kumene basi ikupita. Musaseke. Zithunzi zilipo.

Agogo anu aamuna anadziwa mochedwa, ndipo mmene anadziwira ndiyo nkhani ya lero. Mukadzakula mudzandiuze ngati ndinachita bwino.

BP inandiyamba ndili ndi pakati pa atate wanu. Miyendo inatupa ngati mitondo, mphete ya ukwati anachita kuivula ndi sopo, ndipo kuchipatala anandigoneka mpaka mwana anabadwa. Mpingo wonse unandipempherera. Nditatuluka, Sande yoyamba ndinapita kutsogolo khanda lili m'manja, ndinatenga maiki, ndinapereka umboni kuti ndachira. Ndinavina, ana inu! Mnyamata wa kiyibodi anachita kupukuta thukuta ndi tayi. Agogo anu, munthu amene pa ukwati wake womwe anangoimirira ngati mtengo wa malaiti, tsiku limenelo anagwedeza mapewa pamaso pa anthu. Azimayi anandifunditsa chitenge chatsopano, ntchemberezo zili mbwee.

Patapita masabata ochepa ndinapita ndi mwana ku sikelo. Ba sisita, namwino wa pakiliniki yathu, mayi wamfupi wosadziwa kunong'ona, anati nanenso andipime. Anandimanga chilamba chija pamkono, chinafufuma, chinaphwa. Anayang'ana manambala, anandiyang'ana ine, anayambiranso.

"Mayo, BP yanu siinayende. Inali chabe pa holide."

"Ba sisita, koma ninapola. Ninapereka na umboni."

"Umboni munapereka ku tchalichi. Kuno tipima mkono."

Tsono ndiuzeni inu, umboni amabweza bwanji? Munthu amapitanso kutsogolo, kutenga maiki, n'kunena kuti abale ndi alongo, chitenge chija tengani? Ndinafika kunyumba, ndinaika mapilisi m'chitini chakale cha mkaka waufa, mmene ndimasungamo singano ndi ulusi wolukira tsitsi, pamwamba pa wadiropu pamene mwana safika ndipo mwamuna sayang'ana. Ndinatseka chitini, ndinatsekanso pakamwa. Ndinalakwa kodi?

Kukhala ndi mapilisi si kumwa mapilisi. Izi ndinaziona kwa amai anga. Iwonso anali ndi BP, ndipo mapilisi awo ankakhala m'chikwama cha ku tchalitchi pamodzi ndi maswiti. Ankamwa mutu ukawawa. Mutu ukaleka, ankati achira. Matendawa ndi aulemu woopsa: sagogoda, sakuwa, amangokhala nawe m'nyumba ngati mlendo wosapempha madzi. Tsiku lina akukupiza mbaula anangokhala pansi, mkono umodzi unakana, pakamwa panapotoka. Ine ndinabwera kuchokera ku sukulu ndi yunifolomu, ndinapeza nyemba zikupserera pamoto, aneba adzaza m'nyumba. Basi, pamenepo tisakhalitsepo. Lero si tsiku lolira.

Ndinalumbira kuti ine ndizimwa tsiku lililonse, mutu uwawe usawawe. Ndipo ndinkadziona kuti zida ndili nazo. Musaiwale kuti ambuya anu ali ndi satifiketi ya usekilitale. Ili m'felemu pabalaza, yaona alendo ambiri kuposa maofesi, mwini wake akuluka tsitsi pakhonde. Ku koleji anatiphunzitsa kukonza tsiku la bwana kuti asaiwale msonkhano. Ndinati bwana tsopano ndine. Ndinatenga pepala lalikulu ndi rula, ndinajambula sabata yonse m'mabokosi, mabolopeni ofiira ndi obiriwira, ndipo pamalo a mapilisi ndinangoika kanyenyezi kuti agogo anu asazindikire. Iwo anaima patsogolo pake manja ali m'chiuno.

"Amake Yami, mwayamba kampani?"

Pepala la pachipupa, ana inu, sabata yoyamba umaliona. Sabata yachiwiri limasanduka chipupa. Langa linakhala pamenepo osawerengedwa mpaka atate wanu atayamba kuimirira. Anadya Lachiwiri ndi Lachitatu, masiku otsalawo anawanyowetsa.

Kenako ndinayesa alamu ya pa foni. Kaya inu mudzakhala ndi chiyani, mwina mudzabadwa ndi mawaya m'makutu, koma ife tili ndi mafoni ofuna kudyetsedwa malaiti tsiku ndi tsiku, ndipo malaiti a masiku ano amabwera anthu atagona n'kuchoka anthu asanadzuke. Masiku ena foni inkadzuka itafa. Masiku ena inkalira manja anga ali m'tsitsi la kasitomala, ine n'kuizimitsa ndi chigongono, ndikuti ndimwa pompano. Pompano ameneyo mpaka lero sanafike. Chimene chinaipha alamuyo ndi agogo anu. Tsiku lina Loweruka ali panyumba inalira, ine ndinaithamangira n'kulowa nayo kuchipinda. Potuluka ndinawapeza asiya kupukuta nsapato.

"Ni ndani uyo amene atuma foni m'mawa uliwonse, imwe n'kuthawira ku bedirumu?"

Ndinati ndi chikumbutso cha vesi la tsiku. Anati nawonso akufuna kumva vesilo. Ndinawapatsa la m'mutu, ndipo alamu ndinaifafaniza tsiku lomwelo.

Apa mpamene ndinakumbukira huta. Inu simudzaidziwa, ngakhale atate wanu sanaimve. Ndili kamwana, Kafue yense ankayenda ndi huta ya kufakitale. Atate anga anachoka kwawo ku Chadiza kudzagwira ntchito kufakitale ya nsalu, ndipo huta ikalira m'mawa, njinga zinkatuluka m'makomboni ngati inswa mvula itagwa. Palibe ankafunsa mnzake nthawi. Amai ankateleka madzi a nshima pa huta ya masana. Ife ana tinkadziwa kuti huta yamadzulo ikakupeza usanasambe, khutu lako likhala m'manja mwa munthu. Agalu omwe ankadziwa huta yoyenera kudikira pachipata. Wotchi atate anali nayo, koma inali yovala pa Sande, ndipo sindikhulupirira kuti inkayenda.

Fakitale itatseka, huta inakhala chete, ndipo ndinaona amuna akuluakulu akusokonekera. Atate ankameta ndevu masana, kumwa tiyi dzuwa lili pamutu, kufunsa amai kuti lero ndi lachingati. Sanasanduke aulesi ayi. Anali munthu yemweyo, koma chimene chinkawanyamula m'mawa chinali chitachoka.

Nkhani imeneyi ili ndi mbali ziwiri, mwaona. Ambuya anu, ndi satifiketi yawo, anatola mbali yoyamba yokha. Ndinati: basi, munthu safuna mtima wolimba, amafuna huta. Ndipeze chinthu chimene chimachitika chokha m'mawa uliwonse, ndimangirirepo mapilisi anga.

Sitima ndinaiganizira, poti njanji ili pafupi, koma sitima imabwera ikafuna. Tambala wa aneba anali wodalirika mpaka tsiku limene kunabwera alendo. Ndiye panali ba Mweemba.

Ba Mweemba ndi bambo wachitonga wa ku Chanyanya, wogulitsa nsomba. Amapalasa njinga kuchokera kumtsinje kukadali mdima, bokosi kumbuyo, nsomba zofunditsidwa ndi udzu wonyowa, ndipo pa handulo ali ndi kahuta ka labala. Agogo anu akangokwera minibasi ya ku Lusaka, kumene amagulitsa mu shopu ya malata ndi misomali, sipatenga nthawi umamva kumunsi kwa msewu wathu wa ku Nangongwe: po-poo! po-poo!

"Mwabuka buti, bana Yami! Mpende zafika, zikali kupuma!"

"Ba Mweemba, nsomba izi zinafa pa Sande."

"Iyayi mayo, iyi yaikulu yanipatsa moni m'mawa muno. Yafunsa na za imwe."

Munthu ameneyu sankajomba. Kuzizire, kutenthe, tayala liphulike, po-poo analipo. Ndinapangana ndi mtima wanga kuti kahuta kakalira, chilichonse chimene chili m'manja ndiike pansi, kaya ndi tsache kaya ndi mwana, ndikatsegule chitini. Ndipo zinatheka, ana inu! Kahuta sikafuna malaiti, sungakazimitse ndi chigongono, ndipo mwamuna sangakachitire nsanje poti kamalira iye atapita. Ba Mweemba okha ndi amene anadandaula.

"Bana Yami, nikaliza huta anzanu athamangira kuli ine. Imwe muthawira mu nyumba. Ninakulakwirani chani?"

"Niyenda kutenga mbale, ba Mweemba."

"Mbale ya masiku onse, kugula kamodzi pa sabata? Mbale yanu ili na mwayi, iyenda maningi."

Chinthu chimodzi chikagwira, zina zimakwera pamsana pake. Nditameza pilisi, kapu ili kale m'manja, ndiye ndinkamwa madzi onse. Nditamwa madzi, ndinkabereka Yami n'kuyenda mpaka kunjanji ndi kubwerera, monga ananenera ba sisita, dzuwa lisanakwiye. Pobwera ndinkagula ndiwo zamasamba, chibwabwa ndi impwa, pa kantemba ka m'mbali mwa msewu, ndipo poti ndayenda kale, mtima unkakana kuthira mchere wodzaza dzanja monga ankachitira amai. Zonse zinalumikizana ngati mabogi a sitima, ba Mweemba ali injini, iwo osadziwa n'komwe. Ku kiliniki chilamba chinafufuma, chinaphwa, ba sisita anati, "Ehe, manje ndiye mwayamba kukhala munthu." Ndinatuluka ndikuyenda ngati ndapatsidwa satifiketi yachiwiri. Mpaka ndinayamba kulangiza atsikana a kwaya za kudzisunga pa nthawi. Ine! Mukadzamva ambuya anu akulangiza anthu, muzidzayang'ana kumwamba, mvula ili pafupi.

Ndipo mvula inabweradi.

Mwana aliyense wa mu Kafue amadziwa kuti mvula ikakhazikika boma limatseka mtsinje kuti nsomba ziswane. Maukonde amapachikidwa, mabwato amagona chafufumimba, tauni yonse imatembenukira ku nyemba, kapenta wouma ndi masoya. Ndinabadwira muno. Chaka chilichonse cha moyo wanga ndadandaula za nyemba m'nyengo imeneyi. Koma sindinaganizepo ngakhale kamodzi kuti akatseka mtsinje atsekanso mapilisi anga.

Choipa cha huta yosalira n'chakuti siikuuza kuti sinalire. M'mawa woyamba kunagwa mvula, ndinagona pang'ono, ndinachapa matewera, ndinakumbukira chitini masana. Mawa lake ndinakumbukira madzulo. Kenako kunabwera Khirisimasi, akasitomala a tsitsi ali pamzere mpaka kumpanda, aliyense akufuna kukongola tsiku limodzi, ine zala zili m'mitu ya anthu kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutatha. Kunjanji ndinaleka kupita chifukwa cha matope. Kapenta wouma, mukudziwa, ndi mchere wokhala ndi maso. Injini itachoka, mabogi onse anangoima pamene analipo, udzu n'kumera. Ndipo mutu sunkawawa. Ndinkati ndikakumbukira, mawu ena mumtima ankati, iwe, si unapereka umboni? Mwina unachiradi.

Chaka chatsopano chitalowa, mpingo uli pa kusala kudya, ndinapita kumaliketi Yami ali kumsana. Ndinawerama kuti ndisankhe tomato. Tomato anayamba kuchoka pamalo pake, wina kukwera, wina kutsika. M'khosi kumbuyoku munagunda ngati munthu akusinja. Kenako mphuno inatuluka magazi, ndipo ndinapezeka ndakhala m'matope, amayi a tomato akundikupiza ndi katoni, wina akumasula mwana kumsana kwanga. Chimene ndinaona pamenepo si tomato ayi. Ndinaona nyemba zija zikupserera pa mbaula, ndi mwana akubwera kuchokera ku sukulu. Koma mwanayo sanali ine. Anali Yami.

Ku kiliniki ba sisita anapima, sanayambirenso kachiwiri.

"Mapilisi mukumwa?"

"Nimamwa, ba sisita."

"Liti?"

"Ba Mweemba akabwera."

"Ba Mweemba ni ba dokota ba kuti?"

"Ni ba nsomba."

Anaika bolopeni pansi. Ndinafotokoza zonse, za kahuta, za mabogi. Anaseka mpaka anagwira tebulo, anaitana mnzawo wa chipinda china kuti adzamve, nayenso anaseka. Kenako anapukuta misozi, anayang'ana Yami amene ankatafuna chivindikiro cha bolopeni yawo.

"Mayo, nzeru yanu ni yabwino, koma munaimanga pa munthu wa sizoni. Uyu mwana mufuna azikakuonani pa chithunzi?"

Anandigoneka pabedi mpaka manambala anatsika. Agogo anu atabwera madzulo atamva kwa aneba kuti ndinagwa, ndinawauza kuti ndi kusala kudya. Anandiphikira phala, anandidyetsa ndi supuni, akundinyadira. Phala limenelo linali lowawa kumeza. Inu mukanatani?

Masiku otsatira ndinayenda ndi funso limodzi: n'chiyani chimene chimabwera m'mawa uliwonse, chopanda sizoni, chosadyedwa ndi alendo, choti boma silingatseke? Dzuwa limabisala m'mitambo. Mwana amadzuka nthawi imene wafuna. Njala imasala. Yankho linandipeza lokha m'mawa wina, ndikuvina pachitseko, ndikulimbana ndi kiyi kuti nditsegule msanga.

Pano ndiyenera kukufotokozerani, poti mwina inu mudzakulira m'nyumba za ku Estates zokhala ndi chimbudzi m'kati, mudzakhala ana ofewa. Ife chathu chili panja, kuseri kwa nyumba, kupitirira mtengo wa mapapaya. Kachidebe ka usiku ndi ka Yami yekha. Ine ndinaleredwa ndi mayi wonyada. Ndiye m'mawa uliwonse umene Mulungu walenga, mvula kaya chilala, kusala kaya Khirisimasi, munthu woyamba kundidzutsa ndi chikhodzodzo changa, ndipo njira yake ndi imodzi yokha: kudzera pachitseko. Chikhodzodzo sichipita pa holide, ana inu. Palibe boma limene linachitsekapo.

Madzulo ake nditakhoma chitseko, ndinazula kiyi, ndinakwera pa kampando, ndinamuika m'chitini pamwamba pa mapilisi. Pambali ndinaika kapu ya madzi yovindikira ndi sosala. M'mawa, kuti ndituluke ndiyenera kutsegula chitini. Ndikatsegula, mapilisi akundiyang'ana. Ndipo lamulo ndi limodzi, kiyi salowa pachitseko pilisi lisanalowe pakhosi. Munthu wopanikizika sakambirana. Sanena kuti pompano. Ndinkameza mwaliwiro loti ba sisita akanaona akanaombera m'manja.

Agogo anu anaona kuti kiyi sakugonanso pachitseko. Ndinati akawalala amakankha kiyi ndi waya n'kumukokera kunsi kwa chitseko. Anati, "Imwe na mantha yanu," n'kutembenukira kukhoma. Iwo akadya nshima amagona ngati thumba la simenti, ndipo ine ndinkadzuka poyamba masiku onse, ndiye ankapeza chitseko chotsegula kale. Kuchokera kuseri ndinkangopitiriza, kubereka mwana, kunjanji, matope kaya ayi. Mabogi anayambanso kuyenda, injini ili m'mimba mwanga momwe.

Zinayenda bwino mpaka tsiku la munkoyo.

Mlongo wawo wa agogo anu anali ndi kicheni pate ya mnzake, ndipo anatibweretsera chigubu cha munkoyo wotsala, thobwa lathu la kuno. Agogo anu ndi munkoyo ndi anthu apachibale. Anamwa pofika, anamwa podikira nshima, anamwa atadya, akuti ungasase. Kunja kukungoyamba kuyera, ndinamva munthu akundigwedeza phewa.

"Amake Yami. Amake Yami! Kiyi ili kuti?"

Tulo ndi mfiti, ana inu. Pakamwa panayankha mutu usanadzuke. "Mu chitini, pa wadiropu."

Chimene chinandidzutsa ndi kulira kwa chivindikiro. Ndinatsegula maso. Agogo anu aima ndi mwendo umodzi, wina waupinda ngati kakowa wa kumtsinje, dzanja lina kiyi, dzanja lina timapepala ta mapilisi, dzina langa lili pakathumba ka ku kiliniki.

"Ivi ni vichani?"

"Atate ake Yami, nkhalani pansi nikuuzeni."

"Kunkhala siningakwanise. Osachokapo apo. Nibwera."

Sindinaonepo munthu akuthamangira kuseri ndi nkhope ya maliro chonchija. Ndinatsala pabedi. Ndinaganiza zobisa mapilisi, koma kubisa chiyani, munthu wapita nako kathumba kuchimbudzi?

Anabwera, anasamba m'manja, anakhala m'mphepete mwa bedi. Anawerenga kathumbako mbali zonse ngati kalembedwe kasintha.

"Kuyambira liti?"

"Yami akali kakhanda."

"Tsiku ija munagwa pa maliketi, munati ni kusala."

Ndinakokera bulangete kumaso, iwo anapitiriza.

"Ine ninauza anthu onse ku shopu ati mkazi wanga ni wa mapemphero maningi, mpaka agwa mu tomato." Sanaseke. "Manje sembe munafa, ine sembe ninamuuza chani mwana? Ati amai ako anafa na kusala?"

"Ninachita manyazi. Ninapereka umboni pa anthu. Imwe munavina."

Anaimirira.

"Ninavina chifukwa munabwera ku nyumba wamoyo. Simunaone?"

Anavala, anatuluka, tiyi osamwa. Kathumba anakasiya pa pilo. Ndinameza pilisi la tsikulo ndi misozi, kapu ya madzi sinafunike kwenikweni.

Tsiku limenelo ndinaluka tsitsi la mtsikana wina mizere yopita kumene ikufuna, mpaka anati, "Ba anti, mutu wanga ndiye wapendama olo ni imwe?" Ndinamasula, ndinayambiranso. Minibasi iliyonse yoima kumsewu ndinkatukula khosi. Ndinawatumizira uthenga pa foni, sanayankhe. Ndinaganiza zonse zimene mkazi wamantha amaganiza: kuti aimbira amai awo ku Petauke, kuti anena kuti anakwatira galimoto yakufa, kuti akudzifunsa kuti chinthu china chimene ndabisa n'chiyani. Mukanakhala inu, mukanandikhululukira?

Anafika madzulo monga masiku onse, fumbi la simenti m'tsitsi. Ananyamula Yami, anadya nshima, anafunsa ngati malaiti anabwerako. Za m'mawa sanatchule. Nthawi yogona itakwana anapita okha kukakhoma chitseko, chinthu chimene sachita. Ndinamva kiyi akuzulidwa. Analowa kuchipinda, anatambasula mkono pamwamba pa wadiropu, iwo safuna kampando, anaponya kiyi m'chitini, anatseka. Anasuzumira m'kapu, anaona kuti madzi ndi ochepa, anakadzaza.

"Mailo nizayamba ine kuuka," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

M'mawa ndinamva phewa likugwedezeka. Pamaso panga panali dzanja lotambasula, pilisi pakati, kapu kudzanja linalo, kiyi ataluma ndi mano.

"Mezani."

"Nikali na tulo."

"Amake Yami, mezani, vinthu vavuta kuno."

"Ikani apo, nizamwa."

"Chitseko sichitseguka. Lamulo ni yanu, si yanga. Mezani, napapata!"

Ndinameza ndikuseka mpaka madzi anatulukira m'mphuno. Anati nditsegule pakamwa aone. Ataona, anauluka.

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba muno muli zikhodzodzo ziwiri zolondera moyo wa munthu mmodzi. Amene wayamba kupanikizika ndiye nesi wa tsikulo. Tikapita kumaliro kapena kukaona apongozi, chitini chimatsagana nafe, ndipo usiku agogo anu amaikamo mswachi wawo ndi foni, kuti m'mawa asachitire mwina. Ulendo wina anandiperekeza ku kiliniki, ba sisita anawamanga nawonso chilamba, anapezeka ali bwinobwino, ndipo akhala akudzitama mpaka lero ngati anapambana mpira.

Mtsinje utatsegulidwa, po-poo anabwerera. Ndinatuluka pang'onopang'ono, mbale m'manja, ndinaima pachipata ngati mkazi wa bwana.

"Ah, bana Yami! Manje simunithawa?"

"Ninapeza wina, ba Mweemba."

"Mu miyezi yochepa chabe? Akazi ba mu tauni!"

Ndinagula mlamba, ndinauphika ndi mchere wa kunsonga kwa supuni. Agogo anu anadya akudandaula, anamaliza mbale.

Chitenge cha umboni chija ndikadali nacho. Sindinabweze. Ndimaberekera atate wanu popita kunjanji m'mawa, ndipo chayamba kucha pakati pamene pamakhala matako awo. Mwina tsiku lina ndidzatenganso maiki ndi kunena za chitini, mwina ayi. Ndinayamba ndi kukupemphani kuti mudzandiuze ngati ndinachita bwino. Zisiyeni zimenezo. Musadzavutike kuweruza nkhani ya anthu amene anali ndi chimbudzi panja. Ntchito yanu ndi kubadwa basi, ndipo musafulumire, atate wanu akadali pa nkhani ya nkhuku ndi sopo.

Koma mukadzabwera kudzagona kwa ambuya pa holide, mutamwa munkoyo wa agogo anu mobisa, m'mawa mukadzapanikizika, musadzagwedeze chitseko, mungathyole handulo. Kiyi amagona m'chitini, pamwamba pa wadiropu, ndipo inu simudzafikapo. Mudzabwere kuchipinda mudzandigwedeze phewa. Mudzandipeza.